Utsi wa Kalongonda

Amayi anga ndimawayeza ndi mawu. Akandikalipira mawu khumi ndi asanu osaima kuti akoke mpweya, ndimadziwa kuti tsiku limenelo m'chifuwa muli bwino. Akafika pa mawu asanu n'kuima, ndimayamba kukumbukira pomwe ndinaika kabuku kawo ka kuchipatala. Iwo sadziwa kuti ndimawerenga. Amangouza anthu kuti mwa ana awo onse womvera ndi Chrissie, chifukwa ndikamakalipiridwa ndimangoti chete, maso ali pakamwa pawo.

Khalidwe limeneli ndinaliyamba chaka chatha mu Julaye, atagonekedwa masiku asanu ndi limodzi ku chipatala cha boma, timapaipi tili m'mphuno. Ine ndinali ndi pakati pa Mtendere, ndipo ndinkayala chitenje pafupi ndi bedi lawo n'kumamvetsera mmene akupumira. Makhololo anayezedwa kawiri, TB sinapezeke. Titabwerako, adokotala a pachipatala chathu chaching'ono, a Willard, anatikhazika pabenchi.

"Mayi, fodya munasutapo?"

"Ine? Kafunseni ku tchalitchi."

"Nanga mwaphika zaka zingati m'khitchini mopanda windo?"

Amayi anandiyang'ana ngati funsolo ndawalembera ndine.

A Willard anati utsi wa zaka zonsezo unachepetsa tinjira ta mpweya m'mapapo, ndipo tinjirato sitidzatsegukanso ngati kale. "Matendawa satha," anatero. "Chomwe tingathe n'kuletsa kubanika kwakukulu kuja kuti kusamabwerebwere. Kukabwera kamodzi kumatengako kanthu, ndipo sikubweza."

Anatipatsa timipope tiwiri topopera m'kamwa. Kofiirira n'ka tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo, kaya akumva bwino kaya ayi. Kabuluu n'ka pomwe chifuwa chawagwira. Anatenga botolo lapulasitiki, n'kuboola kunsi kwake, n'kulowetsamo kampope, kuti amayi azikoka mankhwalawo pang'onopang'ono kukamwa kwa botolo. Kenako analemba m'kabuku zinthu zitatu, nandiuza kuti ndiwerenge mokweza: makhololo akasanduka achikasu kapena obiriwira, akamalephera kumaliza mawu ngakhale mwapopera kabuluu, milomo ikada.

"Mukaona chimodzi mwa zimenezi, bwerani," anatero. "Musadikire mawa. Musadikirenso kuti odwalawo avomere."

Ine ndinafika Folomu 4, ndipo ndinkafuna unesi, koma mapointi anakana. Ndiye ndinangopatsidwa wodwala mmodzi, wosamva.

Kabuluu amayi amakalemekeza, poti kamagwira ntchito iwo akuona. Kofiirira amati mulibe kanthu, anangotsekeramo mphepo. Ndimawapatsa ndili chiimire mpaka atsukuluze m'kamwa. Kukhitchini ndinawaletsa. Zinyalala pakhomo pathu sititentha. Posesa timayamba tawaza madzi. M'mawa uliwonse ndimawayendetsa kukafika kumsewu n'kubwerera, iwo akudandaula kuti munthu wamkulu sayenda opanda kokatenga kanthu. Wa chimfine amapereka moni ali kumpanda, ndipo pali mayi wina wa mumphakati mwathu amene mpaka lero sandiyankha. Miyezi khumi ndi umodzi inatha osagonekedwanso. Koma Juni anali atafika ndi mwera wake, ndipo ine ndinkayenda mtima uli m'mwamba.

Mwamuna wanga, a Noah, ndi a kwa Mposa, ndipo pachikamwini pano ali m'chaka chachitatu. Ndi munthu woleredwa. Chibwerereni sanawayang'anepo amayi kumaso. Amayi akamabwera njira iyi, iwo amapatukira njira iyo, ngakhale kukhale chitedze. Akakhala ndi mawu amatuma Mtendere, yemwe ali ndi miyezi isanu ndi itatu ndi mano awiri.

"Mtendere, uwauze agogo ako kuti mbuzi yalowa m'dimba."

"Mtendere, uwauze abambo ako kuti ndaiona, maso ndili nawo."

Mtendere amangoyamwa chala chakuphazi. Uthenga umafika.

Vuto linabwera ndi amalume, a Blasius. Mng'ono wanga Luckness anapeza mwamuna wa kwa Nsamala ku Balaka, dzina lake Godfrey, ndipo amalume monga nkhoswe anapita kukaonana ndi akuchimuna. Kumeneko anawaphera nkhuku, ndipo nkhukuyo inawamasula pakamwa. Anabwerako atalonjeza kuti pachinkhoswe padzakhala kalongonda wophika mlongo wawo Clementina.

"Ndawauza kuti mu Machinga monse mulibenso wina," anatero akuvula nsapato pakhonde.

"Amalume, amayi sayandikira moto."

"Tsiku limodzi lokha, iwe. Anthu aja kalongonda amangomumva pa wailesi."

"Mapapo sadziwa kuti ndi tsiku limodzi."

"Iyayi, sukulu imeneyi! Clementina, mwana wakoyu wayamba kuyankhulira mapapo."

Amene sanakule naye kalongonda amaona ngati ndi nyemba zikuluzikulu chabe. Mbewu yathu inachokera ku Mozambique m'mpango wa agogo awo a amayi, ndipo inabwera ndi malamulo ake. Amawira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, moto osazima, madzi akada n'kutaya, kuthira ena, kutayanso. Mukamufulumizitsa amazunguza mutu, munthu n'kumasanza, mwinanso kumacheza ndi anthu omwe palibe. N'chifukwa chake anthu sadya kalongonda wa aliyense. Amafunsa kaye kuti waphika ndani, ndipo wophikayo amayamba kudya yekha anthu akuona. M'mudzi mwathu yankho lakhala limodzi kwa zaka makumi atatu.

Amayi atamva zomwe alongo awo alonjeza sanakwiye. Anamasula mpango kumutu n'kuumanganso bwino.

Tinakangana masiku awiri. Ndinawawerengera za m'kabuku. Ndinawakumbutsa timapaipi. Iwo anandifunsa ngati ndikufuna akhale ngati mphika wosweka umene amauika pakona kuti nkhuku ziziikiramo. Ndinati mphika wosweka umakhalitsa kuposa wa pamoto. Anati Luckness akwatiwa kamodzi. Ndinati nawonso mapapo anawapatsa kamodzi. Pamenepo anandikalipira mawu khumi ndi atatu, ndipo mtima unakhalako pansi.

Pomaliza tinagwirizana chonchi: moto tikoleza panja, kuseri kwa nkhokwe. Amayi akhala pampando pansi pa mtengo wa mango, mbali yomwe mphepo ikuchokera. Ine ndiphika, iwo azindiuza. Ndinazika kamtengo pakati pa bwalo n'kumangirirapo kansanza, kuti ndizionera komwe mphepo ikulowera. Amalume atakaona anafunsa ngati tayamba chipani.

Chinkhoswe chinali cha Loweruka, ndiye kuphika kunali Lachisanu. Lachinayi tikusenda kalongonda, amayi anandikalipira za kagwiridwe kanga ka mpeni. Mawu asanu ndi anayi, n'kuima. Ndinawafunsa ngati akumva bwino, anati n'chisanu. Ndinazemba kupita kuseri kukaona kachitini komwe amalavuliramo. Ndinakapeza kotsukidwa, kovundikira padzuwa. Chiyambire matendawa amayi anali asanakatsukepo okha, ntchito imeneyo ndi yanga, ndipo ndimaikonda chifukwa imandiuza zoona. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndikuyang'ana kachitini koyera. Koma munthu sungapite kwa adokotala kukanena kuti amayi anga atsuka chitini.

Lachisanu Luckness analawirira ku Nselema kukalukitsa tsitsi, poti mkwatibwi sanunkha utsi. Tinatsala ine pamoto, a Noah powaza nkhuni, amayi pampando wawo atafunda bulangeti, botolo ndi kabuluu zili m'kathumba pambali pawo, ndi Mtendere pamphasa pakati pa onse ngati foni ya m'mudzi.

Ntchito inkayenda motere. Mphika ukawira kwa kanthawi ndinkatungako madzi m'mbale yoyera, n'kuyenda mapazi makumi atatu kukaonetsa. Amayi ankayang'ana, n'kununkhiza.

"Taya."

Ndinkataya, kuthira ena, kusonkhezera, kudikira, kutunganso.

"Taya."

Nthawi ina anakuwa ali komweko: "Moto wako ukugona."

"Mukuuona bwanji muli kumeneko?"

"Ndikuumva. Mphika wowira bwino sulira choncho."

Maso anga ankapita pakansanza, pamapewa a amayi, kwa Mtendere ngati sanadye dothi, n'kubwereranso pakansanza. Mphepo inali ikumvera. Pofika masana madzi tinali titataya kanayi, akadali akuda ngati otsukira mapoto, ndipo mumgolo munali mutauma.

Ndinawerengera. Kupita kumjigo n'kubwera ndi mphindi makumi awiri ngati kulibe mzere. Ndikanatuma a Noah, koma nkhuni zinali zisanakwane, komanso akazi a kumjigo amawaseka.

"Bambo a Mtendere, moto ndi wanu. Amayi asadzuke pampando."

"Ndiwaletsa bwanji?"

"Muli ndi Mtendere."

Kumjigo kunali mzere. Ndowa zisanu ndi ziwiri, ndi mayi uja amene sandiyankha ali patsogolo panga.

Zomwe zinachitika kunyumba nthawi imeneyo ndinazimva pambuyo pake kwa a Noah, ndipo amalume sanatsutse. Amalume anafika kudzaona mmene ntchito ikuyendera. Anati moto wotere ndi wootchera mbatata, ana a masiku ano kalongonda akumuopa. Anatenga mtolo wa mitengo ya nandolo yosauma bwino ndi dengu la zitsononkho, n'kukhuthulira pamoto, kenako anapita kukabwereka mabenchi ku tchalitchi. Moto unafa. Utsi unadzuka woyera, wolemera, ndipo mphika unasiya kulira.

A Noah anagwada n'kuyamba kuchotsa zitsononkho. Amayi ali kumango anamva kuti mphika wakhala chete. Anadzuka, akuti kungofuna kuonera pafupi. Ndipo a Noah, atamva mapazi a apongozi awo kumbuyo, anachita chomwe achita zaka zitatu osaphonya. Anaimirira n'kupatuka. Anakaima mbali ina ya nkhokwe, nkhope kumunda.

"Mtendere, uwauze agogo ako abwerere kumpando."

"Mtendere, uwauze abambo ako kuti mphika ukazizira kalongonda sapsanso."

Pamoto panalibe munthu. Ndiye amayi anagwada n'kuyamba kuuzira.

Ine utsiwo ndinauona ndili panjira, ukukwera pamwamba pa nkhokwe. Ndowa ndinaitula osadziwa kuti ndaitula.

Ndinawapeza amayi atakhala pansi, atatsamira mtondo, patali pang'ono ndi moto pomwe anafika chokwawa. Mapewa akukwera n'kutsika, m'chifuwa mukulira ngati kamphaka kotsekeredwa m'dengu. A Noah anali atagwada patsogolo pawo chofulatira, nkhope kunkhokwe, mkono atautambasulira kumbuyo, botolo lili m'manja. Kabuluu anali atakalowetsa bwinobwino monga ndinawaphunzitsira. Kungoti kukamwa kwa botolo kunali pakhutu la amayi.

"Mtendere, uwauze agogo ako akoke mpweya," ankatero. "Uwauze akoke kwambiri."

Amayi anagwira mkono wa mkamwini wawo n'kuukokera pakamwa pawo. Aka kanali koyamba anthu awiriwa kukhudzana.

"Tembenukani, inu!" ndinakuwa.

Anatembenuka. Anatsinzina.

"Anyamuleni tiwachotse mu utsi muno. Ndi maso otsegula!"

Tinawanyamula mpaka kumango, n'kuwakhazika pampando atawerama pang'ono, zigongono pamaondo. Ndinakhutchumula kabuluu, kupopera kamodzi m'botolo, iwo n'kukoka kasanu. Kukhutchumulanso, kupopera, kukoka kasanu. Mpaka kanayi. Kuwerenga sindinasokoneze.

"Tulutsani pang'onopang'ono, amayi. Milomo ngati mukuziziritsa phala la Mtendere."

Tinadikira. Ndinabwerezanso. Kamphaka kaja kanachepetsa kulira, koma sikanatuluke m'dengu.

"Amayi, ndikalipireni."

Anandiyang'ana.

"Ndowa ndaisiya panjira. Yatsopano ija. Ndikalipireni."

"Iwe... mwana..."

Mawu awiri.

Kenako anatsokomola, n'kutulutsa kansalu komwe anakapisa m'chiuno mwa chitenje. Anafuna kukabisa msanga koma ndinakagwira. Munali zobiriwira ngati nkhwani wosinja.

"Kuyambira liti?"

Anakweza zala zitatu, akuyang'ana kumbali.

Ndinawayang'ana milomo. Inali isanade. Ziwiri mwa zitatu, pomwe a Willard anati chimodzi chakwana.

"Bambo a Mtendere, imbirani a Mahmudu abwere ndi njinga yamoto. Muwauze kuti n'zachipatala."

Amayi anapukusa mutu, n'kuloza kunkhokwe. "Mphika."

"Mphika ukhale."

"Alendo."

"Alendo adzadya mpunga. Mukufuna abwere kuchinkhoswe kapena kumaliro? Mabenchi ndi omwewo, amalume apita kale kukabwereka."

Chibadwire ndinali ndisanawayankhulepo choncho. Ndinalowa m'nyumba kukatenga kabuku kuti ndisaone nkhope yawo, ndipo potuluka ndinawapeza akadali pampando. Sanayesenso kudzuka.

Kulira kwa njinga kutamveka kumsewu, amayi anayang'ana Mtendere pamphasa, n'kutsegula pakamwa. Ndinawaona akuwerengera, monga mmene ndimawerengera ine. Kuti anene kuti "Mtendere, uwauze abambo ako kuti" panafunika mawu asanu uthenga usanayambe n'komwe, ndipo iwo mawu asanu analibe.

"Noah."

A Noah anacheuka kumbuyo ngati kuli Noah wina.

"Madzi... katatu." Anapuma. "Moto... usafe." Anapumanso. "Mchere... pomaliza."

"Ndamva, amayi," anatero a Noah, kuyankha eni ake, maso ali pachala chawo chakuphazi.

Panjinga amayi anakhala pakati, ine kumbuyo nditawakumbatira, khutu langa lili pamsana pawo. A Mahmudu anafunsa ngati athamange kapena azizemba mabampu. Ndinati zonse. Mwera unkatiomba kumaso, ndiye ndinawaphimba amayi pakamwa ndi mpango. Mtendere ndinali ndisanamusiyepo kutali chonchi chibadwire chake, ndipo njira yonse theka la mutu wanga linali pamphasa paja.

A Willard anawapanikiza kachipangizo pachala, n'kuwaveka chophimba kumphuno chotulutsa nthunzi ya mankhwala. Ndinawaonetsa kansalu.

"Masiku atatu, mayi? Munkasungira ndani?"

Amayi anayang'ana kudenga.

"Mawa kuli chinkhoswe," ndinayankha ine.

"Tizilombo ta m'chifuwa sitilandira kalata ya chinkhoswe."

Anati matenda anali atalowa kale m'chifuwa, utsi unangomalizitsa. Anapereka mapiritsi a mitundu iwiri, ena ophera tizilombo, ena ochepetsa kutupa kwa tinjira tija, a masiku asanu. "Mukanabwera mawa bwenzi ndikuitana ambulansi," anatero. Kenako anandiuza kuti ndachita bwino. Ndinatuluka n'kukalira pang'ono kuseri kwa thanki lamadzi, mabere akuwawa poti mwana sanayamwe, n'kupukuta kumaso, kubwerera.

Anatisunga mpaka dzuwa litapendeka, kachipangizo kaja akukabwezera pachala kawirikawiri. Potitulutsa anapereka malamulo: kutali ndi moto, kofiirira osaphonya, mapiritsi onse athe, kubweranso Lolemba, ndipo zikasintha osadikira Lolembalo.

"Makhololo ndiwo kalata yanu kwa ife, mayi. Osamaing'amba."

Kunyumba tinapeza a Noah atabereka Mtendere ndi chitenje changa, maso ali psu. Kumjigo anapita kasanu mwana ali kumbuyo, akazi aseke asaseke, ndipo ndowa yatsopano anaitola. Madzi anataya kanayi.

"Anati katatu," ndinatero.

"Kachinayi kanali ka mantha."

Luckness anali atabwera, tsitsi lolukidwa, akulira mosamala kuti lisasokonekere. Amalume anali atakhala pa limodzi la mabenchi aja, chipewa chili m'manja, ngati mlendo wosaitanidwa.

Amayi tinawakhazika kumango. A Noah anatunga madzi m'mbale yoyera, n'kuikamo kalongonda pang'ono. Anayenda mapazi makumi awiri ndi asanu ndi atatu, n'kuima. Anayang'ana ine. Ine ndinali kuyamwitsa. Anamaliza awiri otsalawo, nagwada.

Madzi anali ngati tiyi wa pamaliro, woti pansi pa mbale pakuoneka. Amayi anatola kamodzi n'kukafinya ndi zala. Kanaphwanyika ngati mbatata.

"Wapsa?" anafunsa Luckness.

"Tiona."

Panatsala mwambo woti wina ayambe kudya. Amayi anali pamankhwala. Ine ndimayamwitsa. Luckness anali mkwatibwi. A Noah anatambasula dzanja, poti wophika anali iwo, koma amayi anaphimba mbale.

"Achimwene," anatero, akuyang'ana kubenchi. "Munalonjeza... ndinu."

Amalume anadzuka ngati munthu woitanidwa kubwalo la milandu. Anasamba m'manja nthawi yaitali. Anachita chizindikiro cha mtanda. Anadya mbale yonse, ife titawazungulira, n'kubwerera pabenchi. Tinawayang'anira ola lathunthu. Akakanda pakhosi tonse tinkawerama.

"Amalume, mukuona anthu angati pano?" ndinawafunsa.

"Anayi ndi theka."

Ndinawerenga. Zinali zoona.

"Mutu sukuzungulira?"

"Iyayi. Koma kuti titsimikize bwino, muonjezere."

Loweruka alendo a ku Balaka anafika pa lole yaing'ono, akuimba. Moto wonse wa tsikulo tinaukolezera kwa aneba. Amayi anakhala pampando wawo kumango atavala chitenje chatsopano, kathumba ka botolo kali pamiyendo, kansanza kanga kakupepera pakati pa bwalo, alendo n'kumakalambalala mwaulemu poganiza kuti n'chamwambo. Mmodzi wa iwo anali kuyetsemula, ndipo ndinamupezera malo abwino kwambiri, kumapeto kwa benchi lakutali.

Ankhoswe atasinthana nkhuku, nkhwangwa ndi lichero, chakudya chinatuluka. Amalume anayamba ndi iwo kutapa kalongonda pamaso pa onse, molimba mtima kwambiri. Mkulu wa akuchimuna, bambo wa imvi wovala jekete, anadya mbale ziwiri, kenako anabwera kudzanjuta pamaso pa amayi.

"Mayi, zomwe tinamva n'zoona. Manja anuwa ndi odala. Paukwati tidzafunanso yemweyu."

Amayi akanangoti zikomo, nkhani ikanathera pomwepo, ndipo palibe akanatsutsa. Koma ukwati ukubwera mu Okutobala. Kukubwera ubatizo, ziliza, alendo a mpingo. Onsewo akanabwera kudzapempha kalongonda wa amayi Clementina, ndipo tsiku lina ine ndikanadzakhalanso kumjigo.

Amayi anayang'ana mbale yopanda kanthu ija nthawi yaitali. Anayang'ana manja awo.

"Sindine," anatero. "Ine moto ndinasiya." Anapuma. "Waphika ndi mkamwini wanga uyo."

Anthu onse anatembenukira kwa a Noah, omwe anali atanyamula ndowa yosambitsira alendo m'manja. Kenako, mmodzimmodzi, anatembenukira kwa Godfrey, mkamwini watsopano. Godfrey anasiya kutafuna.

Alendo atapita, mabenchi atabwezedwa, ine ndikuwaza madzi pabwalo kuti Luckness asese, ndinamva amayi akuitana.

"Noah. Tabwerani."

A Noah anayang'ana Mtendere mwachizolowezi. Mtendere anali mtulo. Anapita okha, nagwada pafupi, nkhope itapenya pansi koma osafulatira.

"Mchere munathira ngati kwanu kwa Mposa amagawa waulere," anatero amayi. Anapuma. "Paukwati mudzandifunse kaye."

"Ndamva, amayi."

Mawu asanu ndi atatu. Si khumi ndi asanu, koma dzulo lake anali awiri. Ndinatula ndowa n'kulowa m'nyumba kukatenga kofiirira.